Wolandira Thabwa

Lole inayima pachipata Pasipoti ali pakati pofotokozera mlongo wake mmene sitima yapamadzi imayimira padoko popanda mabuleki. Linali tsiku lachisanu chiikireni bambo awo m'manda. Olira anali atabalalika, pakhomo patatsala mipando yobwereka yosanjikizana ndi kachetechete amene Pasipoti ankayesetsa kumudzaza ndi pakamwa.

"Odi! Pano ndi pa bambo aja a matabwa?" anafunsa dalaivala atasuzumira pazenera la lole. "Tabwera ndi makina awo. Analipira kale mwezi watha. Titsitsire pati?"

Dzina la Pasipoti anamupatsa ndi mlongo wake yemweyo, ndipo linamuyenera. Munthuyu anachoka pakhomo ndi kachikwama kamodzi, anayamba ndi kutsuka malole a eni, lero malole akeake akudzaza bwalo. Anagonapo m'madoko, anadyapo m'ndege, anakalipirapo anthu m'zinenero zinayi. Zaka zitatu zapitazo, ali kutsidya kwa nyanja, anaona makina awiri opalira matabwa, aliyense kukula ngati ng'ombe. Ena owongola thabwa lopindika, ena olinganiza kuchindikala kwake. Pompo anaimba foni kwa bambo ake, amene chipumireni pantchito yowerenga mamita a madzi ankangokhalira kupala timatabwa m'shedi.

"Ndikutumizirani onse awiri, bambo! Oyandikana nawo adzatseka makutu!"

"Zikomo, mwana wanga," anayankha bambo. "Ndikadali kusankha."

Anasankha zaka zitatu zathunthu. Ndipo nachi chimene anasankha: bokosi limodzi, losafika n'komwe m'chifuwa, makina awiri ophatikizidwa m'thupi limodzi. Anagula okha, osamuuza.

"Bwerera nako kachidole kako," anatero Pasipoti. "Mwini wake kulibe. Amayi ndikuwatenga, shedi tikutseka."

"Achimwene, dothi silinaume pamanda, inu mwayamba kale kubweza katundu?" anatero mlongo wake.

"Chemwali, ine ndinawapatsa ng'ombe ziwiri, iwo n'kukagula mbuzi. Undiuze kuti si kundinyoza kumeneko?"

"Mwina sakanakwana m'shedimo."

"Sakanakwana? Ine ndalongedzapo makontena m'mayiko asanu ndi awiri! Ndipatse tepi yoyezera."

Dalaivala anazimitsa injini. "Bwana, mukanena bwerera ndibwerera, koma kuno sindidzabweranso. Ndikupatsani nthawi yosuta ndudu imodzi."

Chitseko cha shedi chinatseguka ndi kulira kwake kwakale. M'katimo dzuwa linkalowera m'timabowo ta malata ngati zingwe zoyera, ndipo fumbi la utuchi linkakwera ndi kutsika m'zingwemo mosafulumira, ngati silinamve uthenga. Fungo linali la bambo: thabwa louma, guluu ndi thukuta pang'ono. Kapu yawo inali pashelefu, pensulo ili m'katimo. Pabenchi panali mulu wa timabuku ta zithunzi za makina, makona opindidwa, m'mbali modzaza tizilembo tawo towerama. Apa: *aphokoso*. Apa: *ataliatali*. Apa: *utuchi umapita kumaso*. Pasipoti anadzimva ngati walowa pansi pa madzi. Mawu ake, amene ankamveka kuchokera kumapeto kwa doko, anamira.

Atawerama kuti ayale tepi, anaona kuti pansi panayezedwa kale. Pasimenti panali mizere ya choko. Mabokosi awiri akuluakulu, ozimirira ndi mapazi, ndipo m'kati mwa lililonse munalembedwa kuti *a mwana wanga*. Pakati pawo panali kabokosi kamodzi kakang'ono, koyera bwino, kobwerezedwa kambirimbiri.

"Mwaona?" anafuula. "Akanakwana! Anayeza okha, akanakwana onse awiri!"

"Akanakwana, inde."

Anali amayi ake. Anayima pakhomo atatsamira mlongo wake, chifukwa mawondo anali atawakana kalekale.

"Ndiye anandikaniranji?"

"Tachotsa phazi lako pamenepo, bwana wa malole."

Anachotsa. Pansi pa nsapato yake yonyezimira panali timizere tinayi tozungulira, tating'ono ngati zivindikiro za botolo, m'kati mwenimweni mwa bokosi lalikulu lachiwiri.

"Miyendo ya mpando wanga imeneyo," anatero amayi. "Masana onse ndimakhala apa n'kumaluka, iwo akupala. Ng'ombe zakozo anazijambula tsiku lomwe unaimba foni, akuimba mluzu ndi chimwemwe. Atamaliza anaona kuti yachiwiriyo yandikhalira pamutu. Anayesa kuzitembenuza uku, kuzitembenuza uko, sabata yonse. Kulikonse mpando unkatuluka panja."

"Bwanji sanandiuze?"

"Iwe umauzika? Akanangotsegula pakamwa, ukanabwera ndi amisiri kudzagumula khoma, n'kundimangira khonde lagalasi kutali uko. Iwo ankafuna ndikhale pomwe akhoza kundifunsa nthawi."

Mlongo wake anaseka misozi ili m'masaya. Anakoka mpando wakale kukona, n'kuuyika mwendo uliwonse pa kamzere kake. Amayi anakhala, ndipo shedi yonse inaoneka ngati yabwerera m'malo mwake.

"Kamakina kameneko ndikukadziwa kuposa wokagulitsa," anapitiriza. "Pamwamba umawongola mbali imodzi ya thabwa. Ukatero umatukula matebulo ake ngati mapiko, thabwa limalowa kunsi, n'kutulukira kuno litasalala. Kuno kumafunika munthu wolandira, apo ayi limagwera pansi n'kubenthuka. Anafunafuna kotulutsa thabwa molingana ndi manja anga nditakhala chonchi. Ena anali okwera, ena ofuna munthu woimirira. Ndiye zaka zitatu."

"Munadziwa bwanji kuti kakulingana, makinawo kulibe?"

"Timayeseza. Ankayika timipando tiwiri pa kabokosi ka chokoko, thabwa pamwamba, n'kumalikankha pang'onopang'ono akulira ndi pakamwa, *vuuuu*, mdala wamkulu ndi imvi zake. Ine kuno n'kulandira. Tapala matabwa ambiri m'nyumba muno opanda utuchi ndi kamodzi komwe."

Panja hutala ya lole inalira kawiri.

Pasipoti anayang'ana mawu aja, *a mwana wanga*. Pa mabokosi akuluwo mizere inali itafufutika, koma zilembo zinali zowala. Munthu ankazibwereza. Anapukuta kumaso ndi mkono wa shati yake yodula, n'kutuluka.

"Iwe mkulu! Tsitsa! Koma pang'onopang'ono, wamva? Makina ngati amenewa sunawanyamulepo chibadwire. Ine ndazungulira dziko lonse, sindinaone osankhidwa bwino chotere!"

Anawakankha atatu, iye, dalaivala ndi mlongo wake, mpaka anakhala pa kabokosi ka choko osatsala ndi chala chomwe. Waya wamagetsi anali akadali wokulungidwa m'pepala lake, ndipo palibe anaganiza zoumasula. Pasipoti anatukula matebulo aja, anatsegukadi ngati mapiko. Anatenga thabwa limene linatsamira benchi, losalala m'mbali ndi manja a anthu awiri, n'kuliloza kukamwa kwa makina.

"Osathamanga," anatero amayi. "Bambo ako ankayamba afunsa kaye."

"Ankafunsa chiyani?"

"Ankati, 'Mwakonzeka kumeneko, akazi anga okongola?'"

Pasipoti analinganiza thabwa lija, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayankhula motsitsa mawu.

"Mwakonzeka kumeneko, amayi?"

Amayi anapukuta zikhato pa diresi lawo lakuda, anawongola msana, n'kutambasula manja onse awiri.