Nkhoswe ya Asiyatu

Chaka chachiwiri cha matipate, anthu a bungwe lina anabwera pa galimoto yoyera kudzachita sewero pabwalo la sukulu kwathu kwa Malengachanzi. Sindinkafuna kupitako. Obwera pa galimoto ndawaona ambiri, amabwerera okhuta ife tili chomwecho. Koma ukonde womwe ndinkasoka ndinali nditamaliza, ndipo kunyumba kunalibe wocheza naye.

Sewerolo linali la nkhanza za m'banja. Mwamuna anamenya mkazi ndi nkhafi, anthu n'kuseka. Mkaziyo anathawira kwa malume ake, omwe analinso nkhoswe yake. Malumewo, munthu wodzipaka phulusa kumutu kuti aoneke wokalamba, anati, "Banja n'kupirira, mwanawe. Bwerera."

Anthu anasekanso. Ine sindinaseke. Mawu omwewo ndinamuuza Asiyatu, mwana wa malemu mlongo wanga, katatu konse. Nkhoswe yake ndine. Ulendo womaliza anabwera ataphimba diso ndi mpango, ndipo ndinamuperekeza ndekha kwa mwamuna wake Useni, nditamunyamulira chikwama.

Mayi wa bungwe anaimitsa sewero. "Ankhoswe alipo pano? Mukanakhala inu mukanatani?"

Feston, mnzanga wa pa bawo, anandigunda ndi chigongono. "Imirirani, a Yakubu. Akuberani mawu anu awa, simudandaula?"

"Ndisiyeni inu. Awa anatumidwa kudzapasula mabanja."

Sindinaimirire. Koma m'mawa mwake ndinasesa chipinda chomwe sichinagonemo munthu chichokereni mkazi wanga, ndinayalamo mphasa yatsopano, n'kuyenda wapansi kukamutenga mwanayo. Njira yonse ndinkakonza zokanena. Nkhoswe ikabwera kudzatenga mwana wake, mwamuna sakana.

Ndinapeza Useni akuyanika usipa pathandala. Sanasiye ntchito yake.

"Mwachedwa, ankhoswe. Anapita Lachitatu. Azimayi amene akhala akuyenda ndi a bungwe aja mwezi uno anamukweza matola a ku Dwangwa. Ndimayesa mukudziwa."

"Kwa ine sanadzere."

"Akanadzera bwenzi ali pano," anatero akuseka. "Inu simunandikhumudwitsepo."

Ndinabwerera podutsa m'minda ya mpunga kuti ndisakumane ndi anthu.

Ndinamulembera kalata Asiyatu ndi dzanja langa la Sitandade 4, n'kupatsira kondakitala wa matola a ku Dwangwa. Ndinangoti chipinda chilipo, ndipo sindidzamubwezanso. Feston anamva kuti akugulitsa mandasi pafupi ndi geti ya fakitale ya shuga, ndipo diso lija linapola. Kalatayo analandira. Yankho silinabwere.

A bungwe anabweranso kawiri, ine osapitako. Ndimawakayikirabe. Koma mwana wa mlongo wanga atafuna kothawira, anasankha azimayi omwe anawadziwa mwezi umodzi, n'kulambalala nyumba ya amene anamunyamula ali khanda.

Mphasa ija ikadali chiyalire. Lachisanu lililonse ndikachokera ku mzikiti ndimaikung'untha fumbi, n'kuiyalanso.