Chingwe cha Pansi pa Chitseko

Kuntchito ankawatcha a Changu, chifukwa manja awo ankatsogola, mutu n'kumatsatira pambuyo. Ankalemba madirayiva, timapulogalamu tolankhulitsa kompyuta ndi netiweki. Dirayiva imandandalika timadengu topanda kanthu tolandirira mauthenga obwera pachingwe. Kadengu kakadzaza, imakhuthula n'kukabweza pamzere.

Tsiku loti mwana wawo wamkazi afunsidwe mafunso a ntchito pa intaneti, a Changu anadzuka ndi chikondi chopyola muyezo. Anaika dirayiva yawo yatsopano m'kompyuta ya pakhomo.

"Adadi, isiyeni momwe ililimo, ikugwira bwinobwino," anatero mwanayo akusita bulauzi.

"Iwe, iyi ndi mphezi. Udzandithokoza."

Liwiro linalipodi, koma kuthamanga si kufika. Anali ataiyesa pa zingwe zatsopano za kuofesi zokha. Chingwe cha pakhomo, chophwanyika kale, chinkadutsa pansi pa chitseko cha chipinda cha mwanayo, ndipo mauthenga ena ankafika opunduka. Dirayiva yakale inkataya uthenga woonongeka n'kubweza kadengu. Ya a Changu inkataya uthenga ndi kadengu komwe. Mzere wa pulogalamu wobwezera kadenguko anaiwala kulemba.

Mafunso anayamba bwino. A Changu, mtima uli dyokodyoko, anatsamira chitseko kuti amveko mwana wawo akuyankha. Chitseko chinafinya chingwe. Iwo ali kumwetulira panja, mkatimo timadengu tinkatha kamodzikamodzi, mpaka kompyuta inagontha, nkhope za ofunsa zija n'kuuma gwa.

"Halo? Mukundimva?" anafunsa mwanayo mobwerezabwereza.

Dirayiva ija sinkadziwa n'komwe kudzidzutsa yokha ikakomoka. Pomwe a Changu ankazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ofunsawo anali ataitana kale munthu wina.

Mwanayo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangovula nsapato zatsopano zimene anavalira mafunsowo n'kuzibweza m'bokosi mwake.

Masana omwewo a Changu anapeza cholakwacho, kamzere kamodzi basi. Anakalemba, anayesa pa chingwe chophwanyika chomwecho, zonse zinayenda. Sanasangalale. Chisoni chinawagwira, chakudya osalowa.

Patapita nthawi kampani ina inamuitana mwanayo ku mafunso a pa intaneti. M'mawa wa tsikulo a Changu anamupeza akulongedza mapepala.

"Ndinakonzatu, mwanangu. Ndayesa, ndayesanso, ngakhale chitseko ndachitsamira."

"Ndikudziwa, adadi," anayankha mwaulemu akutseka chikwama. "Koma ndapempha kale aneba kuti ndikachitire kwawo."

A Changu anamutsegulira chitseko, namuperekeza ndi maso mpaka pageti.