Galimoto Ibwera Lachisanu

A Levison Kalekeni a ku Chulu anagula galimoto mu Ogasiti, chaka chimene fodya wawo anachita bwino ku okushoni. Inali ya matani awiri, yoyera, koma anangoiona pachithunzi. Grey, mkulu woitanitsa magalimoto ku Lilongwe, anawauza kuti ichokera ku Japani pa sitima, itsikira ku Dalesalamu, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi ikhala ili pakhomo. Munthu wozolowera kugula njinga, kulipira n'kukwera pomwepo, anangoti masabata amenewo n'chiyani.

Masabata aja anatha, Okutobala n'kutha. A Kalekeni ankaima kuseri kwa chigafa, pokhapo pamene foni imagwira, n'kumaimbira Grey. Mawu ake anali amodzimodzi, akuti sitima inachedwa, akuti mapepala akadali kudoko, koma ibwera Lachisanu. Ndiye anthu, mukuwadziwa anthu. Pamjigo ndi pabawo nkhani inali yoti a Kalekeni awadyera ndalama, agula chithunzi. Zinawapweteka koopsa.

Makuponi a feteleza atagawidwa mu Novembala, iwo anaimirira pamsonkhano kuti atseke anthu pakamwa. Anati chaka chino munthu asavutike ndi matumba panjinga. Aliyense awapatse makuponi ake, iwo akagula kudepoti n'kubweretsa zonse ulendo umodzi pa galimoto yawo. Mabanja makumi awiri anavomera, aliyense makuponi awiri. Omaliza anali a Fainala, mayi wamasiye wolera zidzukulu zitatu. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kupereka timapepala tawo ndi manja awiri.

Akazi awo, a Dailes, mtima sunakhale pansi. Lachisanu litadutsa anawachonderera kuti achite hayala ngolo, akatenge feteleza wa anthu akadalipo.

"Atate a Tamara, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Galimotoyo idzapeza matumba ali m'nyumba."

A Kalekeni anakana kwamtuwagalu. Ngolo? Iwo, Kalekeni, kulowa m'mudzi pambuyo pa ng'ombe atalonjeza galimoto? Kumeneko kukanakhala kuvomera pamaso pa onse kuti anapusitsidwa. Anati adikire Lachisanu linalo basi.

Kunayamba kutentha kwa mvula, mitambo n'kumaunjikana masana alionse. Amene sanapereke makuponi ankadutsa pamsewu ndi matumba awo panjinga, thukuta lili kamukamu, ndipo a Kalekeni ankayang'ana kumbali. Makuponi makumi anayi aja anali mu envulopu m'thumba la jekete, ndipo ankangoigwiragwira ngati dzino lowawa. Lachitatu mvula inagwa yeniyeni. M'mawa mwake mudzi wonse unali kumunda kubzala.

Lachisanu lija anaimbanso. Foni inaitana mpaka kuduka, kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu Grey anayankha, ali ndi kaseko, n'kuti asadandaule, galimoto yatuluka kudoko, yangotsala kuyendetsedwa mpaka kuchipata cha Songwe, kenako za msonkho ndi manambala. Masabata atatu, mwina anayi.

A Kalekeni anadula foni. Akutembenuka anapeza a Amosi, mnansi wawo, ataima chapatali chipewa chili m'manja. Sanafunse za galimoto. Anangoti achokera kudepoti, ndipo amva kuti lole imene yatsitsa matumba dzulo ndi yomaliza.

Pamenepo manyazi anathawa, kunatsala mantha okhaokha. Loweruka m'mamawa ananyamuka ndi ngolo zitatu zahayala. Msewu wa kudambo unali matope, ng'ombe zikuterereka, ndipo anafika dzuwa lili paliwombo. Mzere unali utazungulira depoti mpaka kumsika. Anaima pamenepo, akusuzumira pakhomo, kuona mulu wa matumba ukutsika. Anayesa kuchonderera amene anali kutsogolo kuti awalowetse, ati makuponiwa si anga ndekha, koma ndani akanamva? Aliyense anali ndi munda wake. Patatsala anthu ngati khumi kuti afike, kalaliki anatuluka, n'kukoka chitseko chachitsulo, n'kunena kuti feteleza watha.

Ngolo zinabwerera zopanda kanthu. Mawa lake, atatuluka m'tchalitchi, anayenda khomo ndi khomo kubweza makuponi. Bwenzi atawatukwana, zikanapepuka. Koma ayi, anthu ankangolandira, kuthokoza, n'kulowa m'nyumba. Kudepoti sikunabwerenso thumba ngakhale limodzi chaka chimenecho.

Galimoto inafika kumapeto kwa Januwale. Inali yokongoladi, mipando ikadali m'mapulasitiki, ndipo Grey sananame pa chilichonse kupatula masiku. A Kalekeni anaiyendetsa pang'onopang'ono kulowera ku Chulu. Mbali zonse za msewu chimanga cha mabanja aja chinali chachikasu, chofika m'mawondo, pomwe cha anzawo chinkabisa munthu. Kwathu kuno galimoto siidutsa popanda woibaya chala kupempha kukwera. Tsiku limenelo anthu ankangopatukira m'udzu n'kuilekera njira.

Chapafupi ndi mudzi anapeza a Fainala akuchokera kuganyu, khasu paphewa, kambale ka madeya pamutu. Anaima n'kutsitsa galasi.

"Amayi, kwerani ndikakutuleni."

A Fainala anayenda mpaka kumbuyo kwa galimoto, n'kuyang'ana malo onse aja opanda katundu, n'kubwerera pawindo.

"Yafika, eti? N'kwakukulu kumbuyoku. Matumba aja akanakwana onse?"

"Akanakwana, amayi. Onse makumi anayi."

Mayiwo anagwedeza mutu, n'kukonza kambale kawo pamutu.

"Chabwino. Pitani, bambo, ine pakhomo ndi apa."

Kunyumba kwawo kunali kukadali mtunda wautali. A Kalekeni anazimitsa injini, n'kukhala momwemo mpaka mayiwo atakhota.