Mabotolo Opanda Tsiku

Mwana wawo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Akunja anamulonjeza pa depoti, chikwama chili kale m'basi: "Iwe unakulira mkaka wa m'chitini chifukwa cha ine. Wako sadzaulawa. Ndidzabwera, ndidzakhala pambali pako."

Anabweradi, patapita zaka zina khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzina loti Akunja anawapatsa ndi anansi a pamzere wa nyumba za lendi, poti chilichonse ankachiyerekeza ndi kunja kumene anachokera: madzi, magetsi, ngakhale moni wa ana. Tauni imene ankaisowa mpaka kuwonda nayo anaipeza itadulidwadulidwa, mipanda paliponse pamene panali mitengo.

Mwana uja tsopano anali mayi, wolandira makasitomala pa tilu m'sitolo yaikulu, ndipo tsikulo linali loyamba kubwerera kuntchito, khanda lili ndi miyezi itatu. Anamwino anali atanena mosapsatira: bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale madzi ayi. Khandalo linali lisanatsekulepo m'mimba, masaya ali phwii. Akunja akaliyang'ana ankakumbukira makalata a mkulu wawo amene anawalerera mwana: watsekulanso, tagonekedwanso kuchipatala.

"Amayi, mkaka uli m'filiji. Muufunditse m'madzi otentha, mum'mwetse ndi kakapu aka."

"Ndakhala ndikudyetsa nkhalamba makumi atatu tsiku ndi tsiku. Kamodzi aka kandivute?"

"Ntchito yake ndi yomweyo, apongozi," anatero mkamwini wawo, wowotcherera zitseko, akumanga nsapato. "Kungoti aka mano kadzamera."

Onse atachoka, khanda litagona, Akunja anatsekula filiji n'kugwira pakamwa. Kunyumba yosamalira okalamba kumene anagwirako ntchito lamulo linali limodzi: chilichonse chosalembedwa tsiku chitayidwe, osanunkhiza, osafunsa. Mnzawo wina anachotsedwa ntchito chifukwa cha kambale kamodzi. Choncho manja anangoyamba okha. Masamba ofota, theka la anyezi, timabotolo tinayi ta jamu tokhala ndi zachikasu zoyandama pamwamba, pansi ngati madzi otsukira mpunga. Anakhuthulira m'sinki, anatsuka, n'kutindandalika pawindo kuti tiume.

Cha m'ma teni khanda linadzuka. Akunja anafuna mkaka, woyera, wa m'botolo la nsonga monga ankaudziwira. Anatulutsa zonse m'filiji kawiri. Kenako maso anagwera pawindo.

Masiku atatu mwana wawo anali akukhala m'mphepete mwa bedi, chitseko chili chotseka pang'ono, akufinya bere ndi dzanja kadontho ndi kadontho. Iwo ankadutsa atayang'ana kumbali. Awo mabere anawamanga ndi nsalu pa ulendo wawo woyamba wa kunja, mwana wawo ali khanda, mpaka anauma, ndipo mkaka wa munthu uli m'galasi anali asanauonepo.

Anaimbira foni mwana wawo. Inalirira m'kabati ya kuntchito, poti pa tilu salola mafoni. Ya mkamwini inagonja ndi phokoso la makina.

"Akunja, mwana walira chotere bwanji?" anafuula woluka tsitsi wa khomo loyandikana, manja ali m'mutu mwa kasitomala. "Kapena naye zakuno sakuzifuna?"

"N'kutentha," anatero Akunja.

Anaganiza zopita naye kwa mayi wake. Anayesa kum'bereka, nsalu inamasuka kawiri, mapeto ake anangom'fungatira pachifuwa. Njira ya kudepoti ankaidziwa ngakhale atatsinzina. Anapeza pali potsukira magalimoto.

"Basi za m'tauni? Zinasamuka kalekale, mayi," anatero mkulu wina akufinya chisanza. "Pitani kuseri kwa msika watsopano."

"Watsopano uti?"

"Aa, mayi, mumakhala dziko liti?"

Anayenda mmene dzanja la mkuluyo linalozera. Msewu unakathera pa mpanda wa njerwa. Anabwerera, anakhota, anatulukira pomwe amayi ogulitsa tomato anali atayala.

"Agogo, mayi wake ali kuti? Mwanayo wauma kukhosi!"

"M'patseniko lanulo, angoyamwa mphepo!"

Anaseka onse, koma mmodzi sanaseke. Anaimirira n'kusuzumira m'shawelo. "Wadya liti ameneyu?"

"M'mawa. Mayi wake asanapite kuntchito m'tauni."

"M'mawa? Basi zake n'ziwiri mpaka kumeneko, ndipo masana ano zimachedwa kudzaza."

Khanda linali litapeza batani la bulauzi, likulifunafuna ndi milomo, kenako linalisiya. Kulira kuja kunali kutasasa, kukungotuluka ngati chitseko cha dzimbiri. Akunja ankadziwa kuchokera kwa nkhalamba zawo kuti wofuula saopsa, woopsa ndi amene wayamba kukhala chete. Anakhudza paliwombo ndi chala osadziwa n'komwe chimene akufufuza. Wotchi inati dzuwa lili pamutu. Mwana wawo ankaweruka faifi.

Tsidya la msewu kunali sitolo ya mankhwala. Anaima pakhomo pake nthawi yaitali, mpaka mlonda anawafunsa ngati akudikira munthu.

Atafika kunyumba anawiritsa madzi, anadikira kuti azizire khanda lili paphewa, anawerenga malangizo onse a pa chitini cha mkaka chimene anagula mpaka timalemba ta pansi. Anatsekula chitini, anayeza, anasungunula, n'kuthira m'kakapu kaja. Mdzukulu wawo anamwa wonse.