Nyumba Zinayi za Kudooko

Kaitano anali munthu wa sitima zapamadzi. Anatha zaka khumi ndi ziwiri akuponya nkhuni m'ng'anjo, Chinde mpaka Nsanje, Nsanje mpaka Chinde, nsidze zonse kupserera. Atatsika komaliza pa Nsanje mu 1913 anali ndi mapaundi ake m'kachitini, ndipo mtima unali pa chinthu chimodzi: kugula nyumba zoti anthu azichita lendi, iye apumeko.

Kumtunda, pafupi ndi njanji, bambo wina dzina lake Lorenso ankagulitsa nyumba imodzi yanjerwa, yamalata, mtengo wake womaliza kachitini konse. Kudooko ndalama yomweyo inkagula nyumba zinayi zabango ndi dothi, ndalama ina n'kutsalako.

"Bambo a Priska, tengani yanjerwayo," anatero mkazi wake Clotilda. "Mmwenye wansalu uja akuifuna kale kuti aikemo sitolo."

"Imodzi basi? Iwe, khola la nkhuku imodzi si khola. Amalinyero ndikuwadziwa ine, akatsika amafuna pogona."

Makani ake bamboyo, eee! Anagula zinayizo. Kunena zoona chaka choyamba anadyerera, moti ankayenda chifuwa patsogolo ngati dooko lonse ndi lake.

Kenaka njanji inapitirira mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, katundu yense n'kuyamba kukwera sitima yapamtunda. Shire naye anaphwa, mchenga mbee! Kudooko kunangoti zii, amalinyero osaonekanso. M'nyumba zija munalowa mileme.

Tsono boma silifunsa ngati m'nyumba mukugona munthu kapena mleme. Msonkho unali wa denga lililonse, ndipo wokhometsa ankangowerenga ndi chala: zinayi, kuphatikiza yawo yogona, zisanu. Chaka choyamba Kaitano anagulitsa mbuzi, chachiwiri bwato. Anayesa kutsatsa nyumbazo, koma ndani angagule msonkho wa mnzake? Yanjerwa ija anali ataigula munthu wina, Andrea, Mmwenye uja n'kuichita lendi ya sitolo yake, ndipo Kaitano ankalambalala njira ya kusitoloko chifukwa cha manyazi.

Atamva kuti okhometsa afika Lolemba, anatenga nkhwangwa m'mamawa n'kutsikira kudooko. Anagwetsa yekha nyumba zitatu, misozi ili chuchuchu, osaipukuta n'komwe. Zaka zake zonse za m'ng'anjo zinali fumbi limenelo.

Pa yachinayi manja anakana. Potembenuka anaona Clotilda ataima pambuyo pake, atamanga nsalu m'chiuno.

"Mayi a Priska, ndinalakwa ine."

"Gwirani uko," anatero Clotilda. "Denga ili simungalitsitse nokha."