Mimba Ziwiri pa Poloti Imodzi

Rozina ankasoka zovala pa shopu ya Mayi Jacqueline ku Kawale. Mimba yake itafika miyezi isanu ndi umodzi, makina osokera anayamba kumusautsa. Anali makina opalasa ndi mapazi, ndipo akakhala pampando kuyambira m'mawa, pofika masana msana unkamuotcha, mapazi atatupa mpaka zingwe za masilipasi kulowa m'mnofu. Akafika kunyumba ku Area 23 ankangodzigwetsa pamkeka, osavula n'komwe duku.

Kusikelo anamwino anamuyeza n'kumuuza kuti magazi ake akuthamanga bwinobwino.

"Kutupaku n'kokhalitsa pansi, mayi. Muziyenda pang'ono m'mawa uliwonse. Kuntchito mukasoka kanthawi muziimirira, mudziwongole, mumwe madzi. Mukakhala muzikweza mapazi. Koma mukaona nkhope yatupa kapena mutu ukuwawa kwambiri, mubwere msanga."

Rozina anagwedeza mutu, koma mumtima anati anamwinowo sanapalasepo makina tsiku lonse. Anapitiriza kukwera kabaza kuchokera pakhomo kukafika pasiteji ya minibasi.

Pa poloti yomweyo, khomo loyang'anizana ndi lawo, pankakhala Thandie, mphunzitsi wa ku pulayimale. Nayenso anali woyembekezera, mimba yake yotsogolako ndi mwezi. Mwamuna wake, Leston, ankayendetsa thiraki yopita ku Beira ndipo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo.

Thandie mimba inamukonda. Amayi a pampopi ankanena choncho Rozina ali pomwepo. Nkhope yake inali yosalala, akakolo ake ankaoneka, ndipo munthu womuonera kumbuyo sakanadziwa kuti ali ndi pakati. Rozina mphuno inamufutukuka, khosi linada, ziphuphu zinadzaza pachipumi. Kwa iye amayi aja ankangoti, "Pepani, zimatha zimenezi."

M'mawa uliwonse Thandie ankasesa pakhomo, kenako n'kugwira felemu ya chitseko n'kumanjuta pang'onopang'ono, kutsika ndi kukwera. Akasamba ankavala nsapato zafulati, n'kuuyamba wapansi wa kusukulu. Njira yake inkadutsa pasiteji yaikulu, pamene Weston, mwamuna wa Rozina, ankakwerera minibasi yopita ku Biwi kumene ankawotcherera zitsulo.

"Alamu, tiyeni, dzuwa latuluka," Thandie ankaitana choncho ali pabwalo.

Weston ankameza tiyi mothamanga n'kutuluka. Rozina ankasuntha katani pang'ono n'kuwaona akutuluka pageti. Mwamuna wake, amene m'nyumba ankayankhula ngati mawu amagula, panjira ankaponya manja uku ndi uku, Thandie akuseka dzanja lili pamimba. Rozina ankawatsatira ndi maso mpaka atakhota pa chigayo, ndipo tiyi wake ankazizirira patebulo.

Kenako dzina la Thandie linayamba kulowa m'nyumba.

"A Thandie akuti uziika pilo pakati pa mawondo, uzigonera kumanzere," anatero Weston tsiku lina akuvula ovolosi.



Tsiku lina: "A Thandie akuti chilungulira chimachepa ukamadya pang'onopang'ono, osati kudya n'kugona pompo."

Loweruka lina Weston anabwera atanyamula kampando kachitsulo, kakafupi, kopentedwa bwino. Anakaika pafupi ndi mapazi a mkazi wake.

"Ndakupangira. Uzitsamiritsapo mapazi kuntchito ukamapuma. A Thandie akuti—"

"Mimba iyi ndi ya a Thandie?"

Weston anamuyang'ana.

"Ndikufunsa. Amene akuvutika ndi msana muno ndi a Thandie? Chilichonse a Thandie akuti, a Thandie akuti. Zimenezi anamwino anandiuza kale, ine ndinakuuzani, inu simunamve. Zatuluka m'kamwa mwa aneba ndiye mwathamangira kuwotcherera mpando."

"Iwe, ine ndimangofunsa kuti ndikuthandize."

"Mumakafunsa za thupi langa kwa mkazi wa mwini?"

Weston anatola thaulo n'kupita kubafa. Rozina anatulutsa kampando kaja n'kukaika pakhonde, pamwamba pake n'kusanjikapo beseni la mbale zakuda kuti a khomo loyang'anizana aone ntchito yake. Kanakhala pamenepo masiku angapo. Tsiku lina mapazi atamuwawa zedi, anakakulunga m'chitenje Weston atachoka, n'kupita nako ku Kawale.

Sabata yomweyo Thandie anagogoda pakhomo atanyamula chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu.

"Asisi, mundisokereko mateniti. Zovala zonse zandikana, ndipo tsiku lotsekera sukulu ndine wotsogolera mwambo."

Rozina anatenga tepi n'kumuyeza ali pakhonde. Thandie ankanunkhira mafuta abwino. Mimba yake inali yolimba, yozungulira bwino, ndipo pamene tepi inkadutsa, mwana anasuntha. Thandie anaseka.

"Wakupatsani moni."

Rozina anamwetulira ndi milomo yokha.

Kushopu anayala chitenje chija patebulo, n'kuyang'ana miyezo, n'kudula mopitirira. Anawonjezera m'mbali, anawonjezera m'mapewa, kutalika kwake mpaka kukakolo. Mayi Jacqueline anaimirira kumbuyo kwake atagwira m'chiuno.

"Rozina, kasitomala ameneyu akuyembekezera mapasa, kapena ukusoka tenti ya ukwati?"

"Ndi mmene anafunira, mayi."

Ankafuna kuti Thandie aoneke ngati thumba la chimanga pamaso pa makolo ndi aphunzitsi anzake, kamodzi kokha. Koma tsiku lotsekera sukulu Thandie anatuluka m'nyumba atamanga kansalu kachikasu pamwamba pa mimba, diresi lija likugwa mwaulemu mpaka pansi. Anazungulira pabwalo.

"Asisi, muli ndi manja. Mpweya ukulowa paliponse, sindikumva kutentha n'komwe."

Weston, amene ankapukuta nsapato pakhonde, anati, "Lakukhalanitu, alamu."

Masiku otsatira kushopu kunabwera aphunzitsi awiri oyembekezera, kufuna diresi longa la Thandie. Mayi Jacqueline anamuyamikira Rozina pamaso pa anzake. Rozina anasoka madiresi amenewo atakukuta mano.

Sukulu zitatsekera Rozina ankaganiza kuti maulendo a m'mawa atha. Koma Thandie anati sangasiye kuyenda, aziperekeza alamu mpaka pasiteji n'kubwerera. Lolemba m'mawa, mawu aja atamveka pabwalo, Rozina anatuluka kuchipinda atavala kale, kumapazi atavala nsapato zakale za mpira za Weston chifukwa zake zonse zinkamuthina.

"Lero ndiyenda nanu."

"Ukwanitsa?" anafunsa Weston.

"A Thandie akukwanitsa ndi miyendo ingati?"

Anatuluka atatu. Rozina analowa pakati pawo ndipo sanasunthe, ngakhale pamene njira inapanikiza chifukwa cha ngalande. Asanafike n'komwe pa chigayo, mpweya unayamba kumuthera. Thukuta linatsika m'khosi, chiuno chinalemera. Atadutsa pamene amagulitsa makala, anakhala pa kalavati n'kugwira mawondo.

"Musathamange, asisi," anatero Thandie akumupatsa botolo la madzi. "Ine tsiku loyamba ndinabwerera panjira. Muziyenda mmene mungathe kuyankhula osabanika. Alamu, pitani mungachedwe, ine ndikhala nawo."

Weston anapita akucheuka. Rozina anamwa madziwo chifukwa ludzu linalipo, koma chifundo cha Thandie chinamuwawa kuposa chiuno.

M'mawa mwake miyendo inali ngati yamenyedwa ndi mitengo. Anaganiza zoitana kabaza. Atamva "Alamu, tiyeni," anamanga zingwe za nsapato.

Anayenda sabata imeneyo ndi yotsatira. Ankatchera khutu kuti amve chimene awiriwa ankaseka masiku onse aja. Zinali nkhani za mpira, za mwana wa m'kalasi la Thandie amene anabwera ndi nkhuku kusukulu, za landilodi ndi mpopi wake wodontha. Panalibe chilichonse chogwira. Zimenezi zinamukwiyitsa mwa mtundu wina: ngati zinali nkhani wamba chonchi, bwanji Weston sankazikamba kunyumba?

Thupi lokha silinafunse chifukwa chimene ankayendera. Patapita masabata angapo ankafika pasiteji osapumira. Kushopu anayamba kuimirira akamaliza msoko wautali, n'kuyenda mpaka pakhomo ndi kubwerera, manja ali m'chiuno. Masana ankatsamiritsa mapazi pa kampando kaja akudya mbatata. Kutupa kunachepa, masilipasi anayambanso kulowa. Pilo uja ankamuika pakati pa mawondo Weston akagona, n'kumuchotsa m'mawa asanadzuke.

"Wayamba kuwalatu masiku ano," anatero Mayi Jacqueline.

"Ndi mafuta atsopano," anayankha Rozina.

Lamulungu lina masana, atangobwera kutchalitchi, Rozina anamva Thandie akuitana ndi mawu achilendo. Anamupeza atagwada pafupi ndi bedi, atagwira matiresi. Matenda anali atayamba masiku ake asanakwane. Leston anali kumalire ndi thiraki, foni yake yosapezeka. Mayi ake a Thandie ankayembekezeka kuchokera ku Dedza sabata yotsatira.

Weston anathamanga kukafuna galimoto. Rozina anatola chikwama chimene Thandie anali atalongedza kale, zitenje zopindidwa bwino, beseni latsopano, tizovala ta mwana tochapa ndi kusita. Iye kunyumba kwake anali asanalongedze kanthu. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo anaziona zimenezo.

M'galimoto Thandie anagwira dzanja la Rozina n'kulifinya mpaka zala kuchita dzanzi. Sanali kusekanso. Milomo yake inauma, duku linagwa, ndipo ankangobwereza kuti, "Asisi, musandisiye." Rozina anamupukuta thukuta ndi m'mphepete mwa chitenje chake, n'kumuuza kuti azipuma pang'onopang'ono.

Kuchipatala anamwino anamulowetsa Thandie m'wodi. Rozina ndi Weston anakhala pabenchi panja pa wodi. Weston sanakhazikike. Ankaimirira, kuyenda mpaka pampanda, kuyesanso foni ya Leston, kubwerera. Rozina ankamuyang'ana n'kumadzifunsa ngati tsiku lake lidzamuyendetse chonchi, kapena ngati mantha onse a mwana woyamba akuthera pano.

Dzuwa litapendeka, namwino wachikulire anatuluka akupukuta manja. Anayang'ana Weston.

"Bambo, mwayi wanu. Mayi achira bwinobwino. Mwana wamkazi."

Nkhope ya Weston inamasuka. Anaseka, n'kugwira dzanja la namwinoyo ndi manja awiri. Anati zikomo, n'kubwerezanso zikomo. Rozina anadikira kuti anene kuti mwanayo si wake. Sananene.

Rozina anadzuka pabenchi, dzanja limodzi lili kumsana.

"Anamwino, bambowa ndi anga. Mwana wawo ali umu." Analoza mimba yake. "Amene achirawo ndi aneba."

Namwinoyo anayang'ana mimbayo, n'kuyang'ana Weston, n'kuseka.

"Pepani mayi. Ndiye muli ndi mwamuna wabwino. Lowani inuyo mukawaone, abambo adikire kaye."

Thandie anagona chagada, maso atalowa, tsitsi litamwazika. Pambali pake panali kamwana kokulungidwa m'chitenje, kankhope kofiira, kokwinyika. Thandie anafunsa ngati Leston wapezeka. Rozina anati ayi, koma Weston akuyesabe. Thandie anatembenukira kukhoma kanthawi, kenako anati, "Munyamuleni, asisi. Ine ndatopa."

Rozina anamunyamula. Kanali kopepuka kuposa mmene ankaganizira, ndipo kankafunda. Anakagoneka pamwamba pa mimba yake chifukwa panalibe pena pokaika, ndipo wam'kati anagunda mwamphamvu ngati akufunsa kuti ndani wakhala pamalo pake. Rozina anaima choncho nthawi yaitali. Anafunafuna mkwiyo wake uja, anaupeza ulipobe, koma utachepa moti ankatha kuunyamula limodzi ndi mwanayo.

M'mawa mwake anawatulutsa. Rozina anali atapempha Mayi Jacqueline kuti asapite kuntchito, ndipo ndi iye amene ananyamula khandalo potuluka m'wodi, Thandie akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo. Weston anawachingamira pakhomo la chipatala atatambasula manja.

"Tabwera naye ndimuone."

Rozina anapotoloza phewa.

"Muoneni ndi maso," anatero motsitsa mawu kuti Thandie asamve. "Manja amenewo muwasunge. Mwana woyamba kumunyamula akhale wanu."

 Weston anayang'ana mkazi wake, kenako analowetsa manja m'matumba a buluku n'kuwerama kusuzumira m'chitenjemo.

Manjawo anawasungadi. Leston anabwera Lachitatu, mayi ake a Thandie anafika, mwana anatuluka m'chikuta n'kumazungulira m'manja mwa aliyense pa poloti, ngakhale landilodi. Weston yekha ankati akamupatsa, amabwerera m'mbuyo n'kunena kuti m'manja muli girisi. Thandie ankamuseka kuti alamu amaopa makhanda, adzathawa m'nyumba wawo akadzabadwa. Rozina ankamva zimenezo ali pakhonde, akupinda matewera n'kumaika m'chikwama chake, ndipo sanamuuze Thandie chifukwa chenicheni.