Mphatso ya pa Khomo Lachitatu

Tsiku lomaliza ku Ras el Bar palibe amene amalowa m'nyanja. Limenelo ndi tsiku logula. Ungapse ndi dzuwa mpaka kusupuka mphuno, koma ukabwerera ku Mahalla chimanjamanja, anansi ako adzanena kuti sunapite n'komwe, unangobisala kwa apongozi ako mlungu wonse.

Ndiye Nesma anali pambuyo pa mayi ake ndi azakhali ake a Tahani, mumsewu wa msika uja wa m'mbali mwa mtsinje, zikwama zili lendelende manja onse awiri. Nesma ameneyu anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo pakamwa pake panali ngati wailesi yopanda pozimitsira. Koma tsiku limeneli anali duu. Mtima wake unali pa foni m'thumba, chifukwa masiku asanu anali atadutsa Doaa osamuyankha.

Doaa anali mnzake wapamtima kuyambira ali tiana. Ankakhala m'nyumba imodzi yosanja, a Nesma pamwamba penipeni, a Doaa pa khomo lachitatu. Bambo ake a Doaa, a Sobhi osita zovala aja, anali atamwalira masabata anayi apitawo. Kwathu kuno maliro akagwa pamasitepe anu mumatsitsa kanema, simuimba nthungululu, simupita kokasangalala mpaka arubaini, tsiku la makumi anayi, itadutsa. Koma nyumba ya kunyanja imene kampani ya nsalu, kumene bambo ake a Nesma ankagwira ntchito, imabwereka antchito ake imabwera mlungu umodzi wokha pachaka, ukaukana wapita. Bambo ake a Nesma anatsika kukapepesa, ndipo amake Doaa anati, "Pitani, ana asavutike chifukwa cha ife." Doaa yekha anangoima kuseri kwa mayi ake, atavala zakuda.

M'mawa uliwonse Nesma ankamutumizira chithunzi cha pemphero, chija chokhala ndi maluwa m'mbali. Timizere tiwiri tija timasanduka tabuluu kusonyeza kuti wawerenga, basi. Yankho ayi. Nesma anaganiza kuti chibwenzi chatha, ndipo kuti mphatso yokha ndiyo ingachitole.

Anafika pa sitolo ya meshabeki, zotsekemera zokazinga zonga ukonde zija, zonyikidwa m'manyuchi mpaka kumata zala. Mayi ake a Nesma anayamba kutchula makomo. "La a Haji pansi, limodzi. La amake Wagdi, limodzi, koma laling'ono, chaka chatha anatibweretsera sopo. Khomo lachitatu, lalikulu."

"Alamu!" anakuwa azakhali a Tahani, mpaka wogulitsa anaponya chopanira. "Dzuwa lakuotchani mutu? Zotsekemera ku nyumba ya maliro? Anthu akumwa khofi wopanda shuga, inu mukawapatse manyuchi? Adzati tikukondwerera!"

Mayi ake a Nesma anadzigwira pakamwa. "Mulungu andikhululukire. Dzanja linangozolowera. Malemu aja ankazikonda zimenezi, chaka chilichonse ankandichingamira pamasitepe."

Kenako azimayiwo anagwirizana kuti khomo lachitatu lilandire chitini cha tchizi choyera cha ku Damietta, chakudya chabe chamchere, chopanda chikondwerero.

"Nanga Doaa?" anafunsa Nesma.

"Adya tchizi chomwecho," anatero azakhali. "Alibe pakamwa?"

"Ine ndikufuna chakechake."

"Pita, koma usachedwe," anatero mayi ake. "Ndipo usagule zofiira, wamva?"

Nesma analowa m'sitolo ya zigoba za nkhono. Inu, zinthu zake! Mikanda yolembedwa mayina, timagalasi tozunguliridwa ndi tizigoba, zopanira tsitsi zapinki, timabwato ta m'botolo. Anapeza mkanda wolembedwa Doaa, nauika pachikhatho. Unali wokongola, koma unkanyezimira ngati wa mkwatibwi, ndipo ukanakhala m'kabati chaka chathunthu. Anawubweza. Anagwira mpango wakuda wa nsalu yofewa. Wogulitsa anati, "Umenewo ngwabwino kwa wofedwa, mwana wanga." Nesma anautaya ngati wamuotcha. Kuchoka kunyanja konse kuno kuti akauze mnzake kuti ndi wofedwa? Ngati kuti sakudziwa?

Anatuluka misozi ili pafupi. Pakona panali bambo wokazinga nthanga, chiwaya chake chikufuka, fungo la mchere wopserera lili ponseponse. Nesma anaima. Chilimwe chilichonse iye ndi Doaa ankakhala pa sitepe ya pakati pa khomo lachitatu ndi lachinayi, kuswa nthanga ndi mano, makoko akuwunjikana m'mbale, uku akujeda anthu onse a m'nyumbamo mmodzimmodzi.

"Bambo, ndipatseni za maungu. Zambiri. Zotentha."

Azakhali a Tahani ataona chipepalacho anaseka mpaka kugwira khoma. "Nthanga? Iwe, nthanga amagulitsa kunsi kwa nyumba yathu! Wayenda ulendo wonsewu kuti ukapatse munthu zimene angagule atavala masilipasi?"

"Zakuno n'zamchere wa m'nyanja," anatero Nesma, ngakhale iye mwini sankadziwa ngati n'zoona.

"Musiyeni, alamu," anatero mayi ake, osamuyang'ana n'komwe.

Anafika ku Mahalla tsiku lotsatira dzuwa litapendeka. Mabokosi a meshabeki anawakwezera m'chikwama chakuda kuti asaonekere podutsa pa khomo lachitatu. Mayi ake atasamba anatsika ndi chitini cha tchizi, Nesma pambuyo ndi chipepala chake.

Amake Doaa anatsegula. Anali atawonda, maso atalowa. Anapsompsonana ndi mayi ake a Nesma masaya onse, nalandira chitinicho. "Mwadzivutitsiranji, achemwali? Lowani." Azimayiwo analowa kuchipinda chochezera, kumene mawu a Korani ankamveka pansipansi.

Doaa anatulukira pakhomo. Anamuyang'ana Nesma kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wada," anatero.

"Ndi dzuwa."

"Mphuno yako ikusupuka ngati mbatata."

Nesma anatambasula dzanja ndi chipepala chija. Mawu onse amene anakonza m'galimoto anathawa. "Ndakubweretsera izi. Sizokongola. Zokongola zinalipo koma... Doaa, pepa kuti ndinapita."

Doaa anasuzumira m'chipepalamo. Sanaseke, sanakwiye. Anakoka chitseko kumbuyo kwake, nakwera masitepe anayi, nakhala pansi pamalo pawo paja. Nesma anakhala pambali pake, osamukhudza.

"Ukuganiza kuti ndinakwiya chifukwa unapita kunyanja?" anafunsa Doaa. "Ndikanakhala ine, ndikanapitanso."

"Nanga bwanji sumandiyankha?"

"Ndiyankhe chiyani? Amina? Tsiku lililonse pemphero la maluwa, ngati ndiwe agogo a munthu! Mapemphero ndili nawo odzaza nyumba, Nesma. Aliyense wolowa muno amalankhula monong'ona, amandigwira mutu, amati limba mtima. Mwezi wathunthu palibe amene wandiuzako ngakhale kabodza kamodzi. Ndinati Nesma yekha ndiye ali ndi pakamwa. Nawenso n'kusanduka shehe."

"Ndimaopa," anatero Nesma. "Ndimati ndikakuuza zoseketsa uziti sindikuwalira bambo ako. Ndimawalira, Doaa. Ndinaona bambo wina pagombe atavala malaya ositidwa bwino, mzere uli njo, ndinalira mpaka amayi anati mchenga wandilowa m'maso."

Doaa anapukuta mphuno ndi mkono wa diresi lake lakuda. Kenako anapisa dzanja m'chipepala, naswa nthanga imodzi, *tswa*, nalavulira khoko m'chikhatho.

"Zazizira," anatero.

"Dzulo zinali zotentha."

"Chabwino. Yamba. Ndipo usadumphe kanthu."

Nesma anakoka mpweya wa mlungu wonse. "Azakhali a Tahani apeza mwamuna."

"Bodza!"

"Ndikulumbira! Wadazi, mkazi wake anamwalira kalekale, dzina lake a Medhat. Ambulera yawo inali pafupi ndi yathu. Tsiku loyamba anatumiza chimanga chootcha, ati cha ana. Ana ake ati, poti wamng'ono ndine? Tsiku lachiwiri chimanga china. Lachitatu azakhali, amene amati madzi a m'nyanja amawayabwa, anati akufuna kusambira. Analowa ndi mkanjo wawo wonse, akuyenda monyada, akuyang'ana cham'mbali ngati a Medhat akuona. Funde linabwera, iwe! Mkanjo unafufuma ngati tenti, miyendo m'mwamba, silipasi imodzi ulendo wa ku Ulaya!"

Doaa anayesa kudzigwira pakamwa koma zinakanika. Kuseka kunatuluka ngati chikhosomo, kenako kwenikweni, kosakanikirana ndi misozi, mpaka kumveka masitepe onse.

Chitseko cha khomo lachitatu chinatseguka.

Nesma anauma. Amake Doaa anaima pamenepo atagwira chitseko, mayi ake a Nesma kumbuyo kwawo maso ali tong'o, akumuuza ndi nsidze kuti lero aona. Kuseka pa khomo la maliro, arubaini isanakwane! Nesma anaimirira msangamsanga, makoko akugwa pa siketi.

"Pepani, amayi. Ndine ndayambitsa. Doaa sanalakwe."

Amake Doaa sanamuyang'ane iye. Ankayang'ana mwana wawo, amene masaya ake anali onyowa koma pakamwa pakadali potseguka ndi kuseka. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakwera masitepe aja pang'onopang'ono, atagwira bondo, natapa nthanga m'chipepala.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero. "Tsitsani mawu pang'ono, a Haji angamve." Anatembenuka kuti azitsika, koma anaimanso. "Ndiye a dazi aja anawavuula, kapena anangoonerera?"

"Anathamanga ndi chimanga m'manja," anatero Nesma.

Amake Doaa anapukusa mutu, nalowa, nasiya chitseko chotsegula pang'ono. Doaa anamukoka Nesma pa siketi kuti akhale, nasendera mpaka mapewa awo anagundana.

"Pitiriza," anatero. "Anawagwira dzanja?"